PHUNZIRO LA PA THANTHWE LA CHENTCHERERE



Tsiku lina, Misa itatha, mphunzitsi wina wachikulire anandiimitsa pa khomo la tchalitchi nandifunsa kuti: "Bambo, ana a sukulu afuna kupita ku Chentcherere kukaona zolembedwa za pa mwala. Makolo ena akuletsa, ati kumeneko kuli ziwanda. Anyamata ena a mu mpingo ati tikazifute ndi makala, popeza nzachikunja. Ine ndiwayankhe chiani?"

Funso limeneli ndi lolemera, pakuti tikayankha molakwa, kapena tidzaphunzitsa ana mantha achabe, kapena tidzaononga chinthu chimene palibe munthu angathe kuchibwezeranso. Chifukwa chake ndayesa bwino kuliyankha muno, kuti onse amve pamodzi. Tiyambe taona thanthwe lenilenilo, kenaka zolembedwa zake, ndipo potsiriza tifunse zimene malamulo a Mulungu atiuza.

1. THANTHWELI LILI KUTI?

Munthu akachoka pa boma la Dedza kulunjika kumpoto, asiya kumbuyo phiri la Dedza, limene nsonga yake itukuka mamita 2198 kuchokera pa nyanja yamchere, nalowa m'nkhalango ya Chongoni, imene Boma linaipatula mu 1924. M'menemo muli phiri la miyala lotchedwa Chentcherere. M'mbali mwake matanthwe ena anaweramira kunja ngati khonde la nyumba, kotero kuti anthu ambiri angathe kukhala pansi pake osanyowa ndi mvula. Phanga lodziwika kopambana alitcha Mwana wa Chentcherere. Pa zipupa zake pali zithunzi zofiira ndi zoyera.

Chentcherere sali yekha. Ku Namzeze, ku Mphunzi ndi m'mapiri ena ozungulira mulinso mapanga otere. Onse pamodzi awerengedwa malo 127, m'dera la makilomita 126 m'bwalo lake lonse. Pakati pa Afrika palibe dera lina lodziwika limene lili ndi zithunzi za pa miyala zochuluka chotere pamalo amodzi. Mu 1969 Boma linaika mapanga a Chentcherere m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linalemba dera lonse la Chongoni m'buku la chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Thanthwe limeneli lifanana ndi buku lolembedwa ndi manja atatu. Tiwerenge tsamba lililonse pa lokha.

2. DZANJA LOYAMBA: MLENGI

Tolani kachidutswa ka mwala wa ku Chongoni, mukayang'anitsitse padzuwa. Mudzaona kuti si chinthu chimodzi ai, koma timbewu tambirimbiri tolumikizana: tina totuwa kapena tofiirira, tina toyera ngati nsangalabwi, tina takuda tonyezimira. Ophunzira za miyala autcha mwala wotere granite.

Unapangika bwanji? Pansi pa nthaka, kutali kwambiri, kuli moto waukulu wokhoza kusungunula miyala monga ng'anjo ya makolo athu inkasungunulira chitsulo. Kalekale, zaka mamiliyoni mazana angapo zapitazo, mwala wosungunuka, wonga phala lowira, unakwera kuchokera pansipo nulowa pakati pa miyala ina yakale. Koma sunatulukire kunja. Unaima m'kati mwa dziko, wovundikiridwa, nuzizira pang'onopang'ono. Amai adziwa kuti nsima yosiyidwa poyera izizira msanga, koma yovundikira bwino isunga moto nthawi yaitali. Chomwechonso mwala uja: popeza unachedwa kuzizira, timbewu take tinapeza nthawi yokula mpaka kuoneka ndi maso.

Nanga unaoneka bwanji poyera? Mvula, mitsinje ndi mphepo zinagwira ntchito yao zaka zosawerengeka, kufewetsa ndi kukokolola miyala yofooka imene inali pamwamba. Mwala wolimba wokha ndiwo unatsala chiimire, monga chitsa chitsala m'munda madzi atakokolola dothi lozungulira. Mapiri a Dedza, Chongoni ndi Mphunzi ndiwo zitsa zimenezo. Tsono sikuti anamera ngati chulu. Dziko lowazungulira ndilo linatsika.

Mapanga naonso ali ndi chiyambi chao. Mwala umene unapanikizidwa pansi, katundu wa pamwamba atachoka, uyamba kung'aluka m'magawo otsata msana wake. Usana dzuwa liutentha, usiku chisanu cha ku Dedza chiuziziritsa. Madzi alowa m'ming'alu naolotsa m'kati, mizu ya kachere iloweranso momwemo nikankha. Potsiriza gawo lina lisendeka nkugwa, monga nkhoko zisendeka mu mphika. Gawo la m'munsi likagwa, la pamwamba nkutsala, pamenepo pabadwa phanga.

Mwala woolawo sutayika. Usanduka mchenga wa m'mitsinje, katondo wa m'minda mwathu ndi dothi la m'madambo loumbira mbiya. Madzi a mvula olowa m'ming'alu atuluka pang'onopang'ono m'akasupe, nadyetsa timitsinje tothira mu Linthipe. Chotero mbatata, nyemba ndi chimanga za ku Dedza ndi mphatso za thanthwe lomwelo.

Pambuyo pake penipeni, zaka mamiliyoni owerengeka zapitazo, dziko linang'ambika chakum'mawa, chigawo china nkutitimira. M'chigwa chimenecho ndimo muli nyanja ya Malawi, imene madzi ake ali mamita ngati 470 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Amene anatsikapo msewu wa Golomoti adziwa kuya kwa phompho limenelo. Ntchitoyo sinathe: chivomezi chimene chinagwedeza Salima ndi maiko ozungulira mu 1989 chinachokera m'ming'alu yomweyo.

3. KODI ZIMENEZI ZITSUTSANA NDI MALEMBO OYERA?

Wina adzati: "Buku la Genesis linena za masiku 6, inu mukunena za zaka mamiliyoni. Woona ndani?"

Aphunzitsi, mvetsani bwino pano. Malembo Oyera analembedwa kuti atiphunzitse Mwini wa zolengedwa ndi chifukwa chake anatilenga. Sanalembedwe kuti atiwerengere zaka za miyala. Augustino Woyera, pomasulira buku la Genesis, anachenjeza kale akristu kuti asamalankhule zopanda nzeru pa zinthu za chilengedwe ngati kuti Malembo ndiwo atero, kuopa kuti akunja odziwa zinthuzo angaseke chipembedzo chathu. Ophunzira apeza kuti dziko lapansi lakhala zaka ngati mamiliyoni 4500. Ife tingoti: Mulungu alibe changu, pakuti nthawi yonse ndi yake.

Dziwaninso kuti mmodzi mwa oyambitsa maphunziro a miyala anali mwana wa Eklezia. Ndiye Niels Stensen wa ku Denmark, amene mu 1669 anafotokoza kuti miyala yoyalana isimba mbiri: gawo la pansi ndilo lakale, la pamwamba ndilo latsopano. Munthu ameneyu anadzozedwa unsembe mu 1675, nakhala episkopi mu 1677, ndipo Papa Yohane Paulo II anamuika m'gulu la Odala mu 1988. Kuwerenga miyala sikunamchotsere chikhulupiriro.

Makolo athu naonso ankasinkhasinkha za matanthwe. Ankati pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ndipo pamene Chauta anatsitsira mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi nyama, thanthwe likadali lofewa, mapazi ao nkudindika pamenepo. Ophunzira ati pamene mwala unali wofewa kunalibe munthu, ngakhale mtengo. Komabe taonani mfundo ziwiri zimene makolowo anazigwira: kuti thanthwe lili ndi chiyambi, ndi kuti munthu achokera kwa Mulungu. Pa mfundo zimenezi sanasokere.

4. DZANJA LACHIWIRI: AKAFULA

Zithunzi zofiira ndizo zakale kopambana. Zambiri si za anthu kapena nyama, koma mizere yoyandikana, timadontho, zozungulira zina m'kati mwa zinzake, zina zokhala ndi timizere totuluka ngati dzuwa. Utoto wake unachokera ku mwala wofiira woperapera, umene kufiira kwake ndi dzimbiri la chitsulo. Nchifukwa chake sufufutika msanga: unalowerera m'thanthwe.

Anazilemba ndani? Ndi anthu aja agogo athu ankawatcha Akafula, kapena Abatwa, kapenanso Amwandionerapati. Nthano iti munthu wotere akakumana nawe ankafunsa kuti wamuonera pati, ndipo wanzeru ankayankha kuti wamuonera kutali, kuopa kumnyoza kuti ndi wamfupi. Anthu ameneŵa sankalima kapena kusula. Ankasaka nyama, kufula uchi, kukumba mizu ndi kutchera zipatso.

Si nthano chabe. Mu 1972 katswiri wa zakale J. Desmond Clark anakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere, napeza timipeni ndi tinsonga ta mivi tosemedwa ku nsangalabwi, mafupa a nyama zimene ankadya, ndi mafupa a anthu oikidwa momwemo. Mu 2017 ophunzira ena, atayesa mafupawo ndi nzeru zatsopano, anapeza kuti akhala zaka ngati 5000. Ndiye kuti anthuwo anaikidwa m'manda Abrahamu asanabadwe. Anapezanso kuti anali pa chibale ndi osaka nyama a kumwera kwa Afrika ndi a kum'mawa kwake, koma kuti mwa Amalawi a lero magazi ao saonekanso kwenikweni.

Imani pang'ono pa mau amenewa. Mtundu wathunthu wa anthu unakhala m'mapiri muno zaka zikwi zambiri, kubala ana, kulira maliro, kupenya mitambo kudikira mvula. Lero chilankhulo chao chinatha, nyimbo zao zinatha, maina ao adziwa ndi Mulungu yekha. Chotsala ndi mizere yofiira ija basi. Anthuwo analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu monga ife, ndipo Yezu Kristu anawafera iwonso. Munthu wofuta mizereyo afafaniza mau otsiriza a mtundu umene sungathenso kudzilankhulira.

5. DZANJA LACHITATU: MAKOLO ATHU

Patapita nthawi kunafika anthu olima, oumba mbiya ndi osula chitsulo. Mwa iwo munatuluka Achewa, a Banda ndi a Phiri. Ndipo likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, m'boma lathu lomwe lino. Zithunzi zoyera, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera, nzao. Kawirikawiri zili pamwamba pa zofiira, ndipo potero tidziwa kuti nzapambuyo, monga Stensen anaphunzitsira za miyala.

Zoyerazo zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa zinyama zotambasula miyendo, zooneka ngati buluzi, ng'ona kapena chikopa choyanika. Ofufuza, pofunsa amai okalamba a m'midzi yozungulira, anapeza kuti zimenezi nza chinamwali. Anamkungwi ankapita ndi anamwali kumalo obisika, ndipo zithunzizo zinali zothandiza kukumbukira miyambo: ulemu kwa akulu, kusamala thupi, kusunga banja, kulera ana. Tinganene kuti phangalo linali sukulu, thanthwe linali bolodi, ndipo aphunzitsi ake anali agogo athu aakazi.

Mtundu wachiwiri, umene uoneka bwino ku Namzeze, ndi wa zilombo za gule wamkulu, monga kasiyamaliro. Zimenezi nzaposachedwa. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, Achewa ambiri anathawira m'mapiri, ndipo gule anayamba kubisika. Pambuyo pake anapanikizidwanso ndi Boma la atsamunda ndi mamishoni. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort, anathandiza kufotokoza tanthauzo la zithunzi zimenezi m'buku limene analemba pamodzi ndi N. E. Lindgren mu 1978.

Tisabise mbiri yathu. Abambo Oyera atatsegula mishoni ya Mua mu 1902 ndi ya Bembeke mu 1910, panabuka mikangano yoŵaŵa pakati pa sukulu za mishoni ndi eni dambwe, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Mbali zonse ziwiri zinalasana mitima. Koma Eklezia anazika mizu m'nthaka ino: mu 1937 Cornelius Chitsulo anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa dziko lino, ndipo mu 1957 anakhala episkopi wa Dedza. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni ku Mua komweko, kumene miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao isungidwa ndi kuphunziridwa mwaulemu. Pamalo pamene panali mkangano panadzakhala nyumba yophunziriramo.

6. NANGA MKRISTU ACHITE CHIANI?

Yankho lili m'malamulo atatu mwa malamulo khumi a Mulungu.

Lamulo loyamba litiletsa kupembedza cholengedwa, ndipo litiletsanso kuchiopa ngati kuti chili ndi mphamvu ya umulungu. Mwala ndi mwala, dothi ndi dothi. Mkristu sapita ku phanga kukathira nsembe kapena kukafuna mankhwala a mwai. Koma sathawanso phanga ngati kuti Satana ndiye mwini wake. Dziko lonse ndi la Ambuye. Mneneri Eliya anamva liu la Mulungu ali pa khomo la phanga ku Horebu, ndipo Ambuye athu anauka kwa akufa m'manda osemedwa m'thanthwe. Tsono kwa makolo oletsa ana muwauze mofatsa kuti kukaona zithunzizo si tchimo. Kuona chithunzi cha chilombo sikulowa gule. Za kulowa gule, malangizo a Eklezia muwadziwa kale, ndipo phunziro lino siliwasintha.

Lamulo lachinai litilamula kulemekeza atate ndi amai athu. Ulemu umenewu suthera pa amoyo okha. Agogo aja sanamve Mthenga Wabwino, koma sanali opanda Mulungu: ankamutcha Chauta, Namalenga, Mphambe, nampempha mvula. M'miyambo yao munali zabwino zambiri, munalinso zina zosayenera zimene Kristu anadza kudzachiza. Paulo Woyera atafika ku Atene sanayambe ndi kugumula. Anayenda mu mzinda kupenyetsetsa zimene anthu ankalemekeza, ndipo ulaliki wake anauyambira pa guwa limene anapeza. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa mu 1965 kuti Eklezia sataya kanthu kalikonse koona ndi koyera kopezeka mwa anthu a zipembedzo zina. Ndipo mmodzi mwa akatswiri otchuka a zithunzi za m'mapanga pa dziko lonse anali wansembe, Bambo Henri Breuil wa ku France, amene anamwalira mu 1961 atatha moyo wake akuzijambula mosamala ku Ulaya ndi kumwera kwa Afrika.

Lamulo lachisanu ndi chiwiri liletsa kuba ndi kuononga za eni. Zithunzi za ku Chongoni si za munthu mmodzi. Nza mafumu ndi midzi yozungulira, nza dziko lonse, nza ana amene sanabadwe. Apa ndipo pali chisoni. Ku Chentcherere zithunzi zambiri zinaipitsidwa ndi anthu olemba maina ao ndi makala ndi choko, kapena okanda ndi mwala. Ena asonkha moto m'phanga, mwaye nkuphimba zithunzi, kutentha nkusendula thanthwe. Ena adula mitengo imene inkatchinga dzuwa ndi mvula. Chimene chinapirira zaka zikwi chiwonongeka madzulo amodzi. Wakuba mbuzi angathe kubweza mbuzi. Nanga wofuta chithunzi cha Akafula adzabweza chiani? Kwa anyamata aja muwauze mosapsatira kuti chimene akuganizacho si changu cha chikhulupiriro ai, ndi kuononga, ndipo lamulo la dziko nalonso lichiletsa.

Chotero mukapita ndi ana, chitani izi. Yambani mwapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo ndi kulonjera mfumu ya mudzi, ndipo mutenge wokuperekezani. Ana asakhudze zithunzi ndi manja, asazithire madzi kuti zioneke bwino, asalembepo kanthu, ngakhale mtanda kapena mau a m'Malembo. Musasonkhe moto, musatole mbiya zosweka kapena timiyala ta pansi. Musaseke kapena kufunsa mwachipongwe zinsinsi za miyambo ya anzathu. Mukatha kuona, khalani pansi, mupemphere pamodzi.

7. THANTHWE LOSATHA

Taona kuti ngakhale granite wa ku Chongoni asendeka ndi kuola. Tsiku lidzafika pamene mapiri amenewa adzasanduka mchenga. Koma Malembo atiuza za Thanthwe lina. Mose anamenya thanthwe m'chipululu, madzi natuluka. Ndipo Paulo Woyera, polembera Akorinto, atiphunzitsa kuti thanthwe lija linkafanizira Kristu. Ambuye mwini anayerekeza munthu womva mau ao ndi kuwachita ndi mmisiri womanga nyumba pa thanthwe, ndipo Simoni anampatsa dzina la Petro, ndiye kuti thanthwe, namangapo Eklezia wao.

Akafula anabisala m'phanga pothawa mvula. Makolo athu anabisalamo pothawa nkhondo. Ife tili ndi pobisalira pathu mwa Kristu. Munthu woima pa Thanthwe limeneli alibe chifukwa choopera mizere ya pa mwala, alibenso chifukwa choifutira. Aiyang'ana ndi mtima wodekha, nathokoza Mulungu amene sanasiye mtundu uliwonse wopanda umboni wake.

MAFUNSO OBWEREZA PHUNZIRO

1. Chifukwa ninji timbewu ta mwala wa ku Chongoni tioneka ndi maso?
2. Phanga lipangika bwanji?
3. Zithunzi zofiira analemba ndani? Nanga zoyera?
4. Kodi zaka zambiri za miyala zitsutsa buku la Genesis? Fotokozani.
5. Tchulani malamulo atatu a Mulungu amene atitsogolera pa nkhani imeneyi, ndi zimene lililonse litiphunzitsa.
6. Kodi pafupi ndi mudzi wanu pali phiri, phanga kapena kasupe amene akristu angathandize kusamala? Mudzayamba liti?

TIPEMPHERE

Mulungu Atate, Inu munaumba mapiri anthu asanakhalepo, ndipo mudziwa dzina la aliyense amene anagonapo m'mapanga mwake. Chitirani chifundo onse amene anatitsogolera m'dziko lino. Tichotsereni mantha achabe ndi mtima wonyoza. Tiphunzitseni kusunga zimene tinalandira, kuti tikazipereke zosaonongeka kwa adzukulu athu. Tikupempha mwa Kristu Ambuye athu. Amen.